Nangondo Atsata Moto

Kalekale, machesi asanafike kuno, kunagwa njala. Njala yake yoopsa. Amuna anapita kutali kukasuma, ndipo anabwerako ndi mitolo ya chinangwa. Koma chinangwacho chinali chachilendo, chowawa. Munthu akangochiphika n'kudya, mutu unkazungulira, ankasanza, ena osadzukanso.

M'mudzi wina munali mayi dzina lake Nangondo. Anali mtengwa, wochokera komwe kunkachokera chinangwacho. Iye ankachidziwa bwino. Uchisende, uchiviike m'madzi masiku anayi, uchiyanike, kenako usinje. Ukatero ululu wonse watha.

Mtima wa Nangondo unali pa mwana wake mmodzi yekhayo, Tiyesenji. Ameneyu anakwatiwa kutsidya la mtsinje, midzi isanu kuchokera pagombe, ndipo anali ndi pakati. Amuna akumeneko nawonso anali atapita kokasuma, akanabwera tsiku lililonse. Mtsinje unali wodzaza. Nangondo mwendo wake unali wolumala. Nanga akanafikako liti?

Anati, "Ine sindingayende, koma mawu angayende."

Anapita kwa a Chiphwanya, mwini mawu aakulu. A Chiphwanya anakwera pachulu, natsokomola. "Tamveraniii! Chinangwa chiviikidwe!"

Mawu anamveka mpaka kudambo. Koma anthu anangoti, "Ayambapo a Chiphwanya. Dzana ankalengeza dzombe, dzombe lake lili kuti?" Anapitiriza kuphika. Tsiku lomwelo mudzi unaika mwana.

Nangondo anapita kwa a Msosa, mwini mbuzi zambiri. A Msosa anavala nsalu yawo yatsopano, nayankhula pabwalo. Anthu anaombera m'manja mwaulemu. Pobwerera ankanong'onezana. "Iwowo m'nkhokwe muli chimanga. Ife tidikire masiku anayi m'mimba mulibe kanthu?" Anapitiriza kuphika. Mudzi unaikanso nkhalamba.

Iwe, ukanakhala iweyo ukanatani? Ndikudziwa, ukanakwera chulu chachitali kuposa cha a Chiphwanya. Koma Nangondo ayi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'mawa mwake anakhala pakhonde, ali zyoli. Anaona mayi wina akudutsa ndi phale, m'phalemo muli khala lamoto.

"Mwadzuka bwanji, anzanga? Motowo mwapala kuti?"

"Kwa Nasiyaya."

Anadutsa wina. "Inu mwapala kuti?"

"Kwa Nachisale."

"Nanga Nachisale wapala kuti?"

"Aaa, kwa Nasiyaya."

Nangondo anatola ndodo yake. Tsimphi, tsimphi, khomo ndi khomo. Mwapala kuti? Mwapala kuti? Ena ankamuseka, amvekere mtengwa wazungulira mutu. Iye osasamala. Moto uliwonse akautsata, unkathera kumodzi.

Nasiyaya ankakhala kumapeto kwa mudzi, m'kanyumba kopendekeka. Analibe mbuzi. Mawu ake anali aang'ono ngati a njiwa. Koma anali ndi chitsa cha tsanya chimene sichinkazima. Inali nthawi yadzinja, udzu paliponse, koma njira yopita kwa iye inali mbee! Wopala moto aliyense ankanjuta pang'ono, kumuuza za mwana wodwala, za mwamuna wovuta. Nasiyaya ankamvetsera, n'kuyankha mawu awiri. Mawu awiriwo ankapita limodzi ndi khala.

Nangondo anafotokoza zonse.

Nasiyaya anapukusa mutu. "Pepani, amayi. Chinthu ndisanachilawe sindipatsa anthu."

Nangondo sanakwiye. Anamasula kansalu, natulutsa ufa wa chinangwa chomwecho, umene anakonza yekha. Anaphika phala pamoto womwewo. Woyamba kumwa anali iye mwini. Kenako Nasiyaya anamwa. Anakhala pansi awiriwo, kudikira. Dzuwa linafika paliwombo. Dzuwa linapendeka. Mutu osazungulira.

Nasiyaya anati, "Zoonadi, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa."

Tsono taona nzeru za amayi awa! Nasiyaya sanalengeze. Anatenga mtsuko, anaviikamo chinangwa, naukhazika pafupi ndi chitsa chija. Kutacha wopala moto woyamba anafika.

"Mumtsukomu muli chiyani?"

"Chinangwa. Ine sindidya osaviika masiku anayi."

Basi, mawu ake omwewo. Wachiwiri anafunsa. Wachitatu anafunsa. Pofika madzulo mitsuko yonse ya m'mudzimo inali yodzaza. Maliro a chinangwa anathera pomwepo.

Koma Nangondo sanaseke. Anati, "Mwana wanga ali kutsidya."

Nasiyaya anati, "Moto wanga suwoloka mtsinje. Funani munthu amene amadya kuno, amadyanso kutsidya."

Nangondo anatolanso ndodo. Tsimphi, tsimphi. Ulendo uno funso linali lina. "Nkhani zakutsidya mumazimva kwa yani?" Onse anati kwa Kamwendo, woluka malichero. Kamunthu kowonda, kosakhazikika, kamene anthu ankati kali ndi nyerere kumapazi. Mtsinje ungadzaze bwanji, iye ankamanga malichero pamutu n'kusambira.

Nangondo anamugwadira. "Achimwene, mundinyamulireko mawu."

"Ndikalengeze pabwalo?"

"Ayi ndithu! Mudzi uliwonse mukafunse kumene amapala moto. Mukapereke kaufa aka, alawe. Mawu mukasiye pamenepo."

Kamwendo anamanga kaufako pamwamba pa malichero, nalowa m'madzi.

Masiku anapita. Mwezi unatha. Nangondo ankangoyang'ana kumtsinje, chakudya osachimva kukoma. Anali ndi mantha, ndikuuze, mantha enieni. Ankati mwina amuna aja anafika mawu asanafike.

Tsiku lina anaona malichero akuyandama. Kamwendo anatuluka m'madzi, natula kadengu pamapazi pake. M'kadengumo munali ufa woyera.

"Tiyesenji wachira. Mwana wamkazi."

Nangondo anagwira pachifuwa.

"Wandipatsanso uthenga. Akuti, kawauzeni amayi, chonde chonde, asadye chinangwa chowawa osaviika masiku anayi. Akuti anamva kwa mayi amene amapalako moto."

"Simunamuuze kuti mawuwo ndi anga?"

"Inu munati ndisiye mawu. Dzina simunatchule."

Nangondo anaseka, anaseka, mpaka misozi mbwembwembwe. Mawu ake omwe anayenda midzi isanu, anapulumutsa mwana ndi mdzukulu, n'kubwerera kudzachenjeza mwiniwake. Anaphika phala la ufawo, natengera Nasiyaya mbale yoyamba.

Wamva? Ukakhala ndi mawu opulumutsa anthu, usathamangire wa pachulu, usathamangire wa mbuzi zambiri. Yang'ana pansi. Ona njira imene simera udzu, uitsate.

Yanga nthano yathera pomwepo. Kapale moto, wanga wazima ndi kulongolola.