Kagudumu ka Tiyesere

Tiyesere anapanga pulogalamu ya pafoni yoti alimi aziitanitsira feteleza. Koma munthu akaitsegula, kagudumu kosonyeza kuti ikutseguka kankangozungulira osaima.

Tsiku lina bwana wake, a Chimbalanga, anamuitana pamaso pa antchito onse.

"Lero tiyese ntchito yako. Ikalephera, chipata ndi icho."

Tiyesere anakumbukira khanda lake kunyumba.

"Bwana, ine sukulu yanga ndi yamadzulo. Pulogalamu yabwino imadziwika bwanji?"

"Mbuli iwe! Yabwino ndi imene munthu akalowamo satulukamo msanga."

"Anzanga mwamva. Tayesani nokha, bwana."

Anawapatsa foni. Kagudumu kanayamba ulendo wake. A Chimbalanga anangoti maso tong'o kudikira. Tiyi wawo anazizira, nthawi ya nkhomaliro n'kukwana.

"Kodi chinthuchi chitseguka liti?" anakalipa.

"Pepani bwana, mwalowamo m'mawa, mpaka pano simunatulukemo. Nanji alimi!"

Antchito anafa nalo phwete. Bwana anakodwa ndi mawu awo omwe. Ntchito ya Tiyesere inapulumuka.

Atafika kunyumba, Tiyesere ananyamula khanda lija.

"Bambo ako ndi katswiri, mwanangu. Ukadzakula usadzafunse kuti wa chiyani."