Lole Yatha Mpweya, Mwana Wasowa Dzina

Kalekale, phula lisanafike kumapiri kwathu kuno, galimoto yotsikira kuboma inali imodzi yokha: lole ya mbatata ya a Kamwendo. Mabuleki ake anali oyendera mpweya. Mpweyawo umasungidwa m'thanki kunsi kwa lole, ndipo ukangothawa mabuleki amagwira okha, matayala n'kuuma gwa. Ngakhale mukankhe mudzi wonse, siisuntha.

Tsiku lina m'mawa matenda anamuyamba Felesiya, mtsikana wa mimba yoyamba. Azamba anayesa izi, anayesa izo, dzuwa mpaka kufika paliwombo. Kenako anatuluka n'kunena kuti, "Mwana wagona mopingasa uyu. Thamangirani kuchipatala." Lifa, mwamuna wake, anamugoneka pamphasa pamwamba pa matumba, lole n'kunyamuka.

Itangowoloka kamtsinje, pomwe msewu umayamba kutsetsereka, lole ija inalira kwiii, n'kuima. Mpweya watha. A Kamwendo anaponda mafuta kuti thanki idzaze, koma ayi ndithu, mpweya ukungolowa n'kutuluka. Kumwamba kuja Felesiya akubuula. Lifa mutu unazungulira, ndipo anakuwa kuti, "Amene ayendetse lole iyi ndiye adzatche mwanayu dzina! Ndalumbira, pali Mulungu!" Ha, pakamwa! Munthu umalumbira bwanji usanawerenge anthu amene akukumva?

Woyamba anali Nasibeko, mayi amene ankachapa pamtsinjepo. Iyeyu sankamwerana madzi ndi amake a Felesiya chifukwa cha malire a dimba. Anaona amuna akukwawa kunsi kwa lole, kutchera makutu pofuna kumva pothawira mpweya. Injini ikalira, phokoso likuphimba zonse. Akaizimitsa, mpweya watha, palibe chomveka. Mayiyo anabwera ndi beseni la thovu la sopo. "Tapatukani, abambo inu. Chubu cha njinga mumachifufuza ndi makutu?" Anapaka thovu polumikizira paipi paliponse, injini ikulira. Pamene paipi imalowa m'thanki panali pokulunga ndi mphira, ndipo thovu linafufuma pomwepo. Atamasula mphirayo anapeza nati yamkuwa itang'aluka.

Wachiwiri anali a Thawale, okonza zigayo, amene anangokwera nawo popita kutauni. Nati ina panalibe, sitolo ili kutsidya kwa mapiri. Iwo anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti hutala nayo imalira ndi mpweya, ndipo nati yake ndi yofanana. Anaimasula, paipi ya hutalayo n'kuipinda n'kuimanga ndi waya. Kunsonga kwa paipi ya mabuleki anadula mowongoka bwino, anapukuta mchenga, anayamba kupotokola natiyo ndi zala kuti isalowe mokhota, kenako sipanala pang'ono chabe. Chitsulo chinawasenda chala mpaka magazi, koma sanasiye. Nasibeko atapakanso thovu, linangokhala phee.

Wachitatu anali a Kamwendo eni ake. Paja a Thawale, chifukwa cha phuma, anali atagwiritsa kale sipanala injini ikulira. A Kamwendo anawakoka mwendo. "Achimwene, mukufuna paipi ikuphulitseni diso?" Anazimitsa injini, anatsegula kampopi ka kunsi kwa thanki kuti mpweya wotsala utuluke pamodzi ndi madzi adzimbiri. Anasenzanso miyala n'kutsekera matayala onse, poti mpweya ukadzaza mabuleki amamasuka, ndipo pamtsetse paja lole ikanaponda aliyense amene anali kunsi. Ntchito itatha, anatsika nayo phiri lonse pa giya yaikulu yoyendera pang'onopang'ono, kuponda mabuleki mowumira, hutala palibe, mutu uli pawindo kukalipira ng'ombe ndi apanjinga mpaka mawu kusasa.

Anafika. Mwana wamkazi anabadwa wamoyo, mayi ake naye anachira.

Tsono tsiku lotuluka m'chikuta, onse atatu tho! pakhomo pa Lifa, aliyense dzina lili kukamwa.

Nasibeko anati, "Popanda thovu langa bwenzi mukukwawabe kunsi kuja. Ndipo inu a Kamwendo musatsegule n'komwe pakamwa. Natiyo munaing'alula ndinu poimanga ngati mukumenyana nayo, n'kubisa ndi mphira. Wotentha tchire ndiye alandire ulemu wozimitsa?"

A Kamwendo anayankha kuti, "Nanga anandigulitsa nati yotopayo ndani? Si a Thawale omwewa, ataichotsa pa chigayo chakufa? Ine ndikanapanda kuika miyala, lero tikanakhala pa maliro awo."

A Thawale anaonetsa chipsera cha pachala. "Kuona bala si kupoletsa, kugwira chiwongolero si kukonza. Inu mayi, mtsikana ankabuula inu mukuchapabe. Munadzuka mutamva za dzina."

"Bodza!" anatero Nasibeko. Koma amene analipo amati mwina n'zoona, mwina ayi.

Amake a Felesiya nawo anaponya yawo: "Mdzukulu wanga atchedwe ndi wondilanda dimba? Ndiyambe ndafa!"

Lifa anapempha kuti mwana angolandira mayina atatu. Onse anakana, ati lumbiro linati "amene", silinati "onse". Anapempha kuti amutche yekha. Akuluakulu anamuletsa, ati wobweza lumbiro la pa mwana amaitana tsoka. Anakumana, anabalalika, anakumananso, nkhuku za Lifa zikungothera alendo. Ine zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero. Anthu atatu amene anagwirana manja pansi pa lole, dzuwa likuswa mtengo, analephera kugwirizana atakhala pamthunzi!

Mwana anakwawa, anaima, anayenda, akungoitanidwa kuti "iwe". Tsiku lina mlendo wopempha madzi anamugwira kadzanja n'kumufunsa kuti, "Dzina lako ndani, mama?" Kamwanako kanamwetulira n'kuyankha kuti, "Iwe." Felesiya anatula chikho pansi, analowa m'nyumba, ndipo analira kuposa mmene analirira pamwamba pa matumba paja.

Ndiye inu mwakhala apa, musangoti kukamwa yasa, mwanayu akudikira. Amutche ndani: amene anapeza pothawira mpweya koma mtima wake ukukayikitsa, amene anamanga nati yabwino koma yoipayo inachokera kwa iye, kapena amene anawafikitsa amoyo pa lole imene anaiwononga yekha?