Nsungwi Zobwezedwa

Itangotha swala ya masana, galimoto ya a Eliezere inaima pakhomo pa Shehe Twaibu Likwanya ku Liwonde, kumbuyo kuli mtolo wa nsungwi ndi masamba a kanjedza. A Eliezere anali Myuda, katswiri wa mipope ya ulimi wothirira, ndipo anali atakhala m'derali zaka khumi ndi zisanu. Chichewa ankachipotoza ndithu, koma mosachita nacho manyazi. Chaka chilichonse dzuwa likayamba kuswa mtengo, Shehe ankawatumizira nsungwi za kudimba kwawo, zomangira msasa wa chikondwerero cha Ayuda. Chaka chimenecho mtolo unabwerera usanamasulidwe n'komwe.

Shehe anayala mkeka pakhonde. Mlendoyo anakhala pansi foni ili m'manja, poti kwa sabata zitatu sanaisiyepo ngakhale pakudya. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Yoeli, amene anakulira pa Liwonde pomwepo akuthyola mango a Shehe osapempha, anapita kudziko la makolo ake kukaphunzira, nkhondo n'kumupeza konko. Anamutenga usilikali. Mawu ake omaliza anali akuti adzaimbanso Lachisanu, ndipo Lachisanu linali litadutsa katatu.

"Shehe, mundikhululukire, ndabweza mphatso yanu," anatero a Eliezere. "Chikondwerero chiyamba mawa. Lamulo lathu limati tikhale mumsasa masiku asanu ndi awiri, tikondwere. Kukondwera! Mayi ake a Yoeli sakudzuka, sakudya. Sitikudziwa kaya tilire maliro kaya tidikire. Denga ankafolera ndi iyeyo chaka ndi chaka. Ndiye ine ndikwere pamakwerero, ndikoleke zipatso zokongoletsera msasa, mwana wanga mwina atagona m'dzenje? Kodi Mulungu wolamula chimwemwe pa nthawi ngati ino amationa?"

Shehe anayamba ndi funso. Sanali munthu wothamangira kupaka mankhwala pa bala limene sanalione.

"Achimwene, za chipembedzo chanu ine ndine mbuli. Ndiphunzitseni. Chaka choyamba chija ndinakubweretserani malata awiri kuti mthunzi ukwane, inu munandibweza nawo. Ndinachita manyazi, sindinafunse. Chinalakwika n'chiyani?"

"Malata saloledwa. Denga liyenera kukhala la masamba, la mipata, loti munthu aziona kumwamba. Makolo athu anakhala m'misasa yotero zaka makumi anayi m'chipululu."

"Ankadziwa tsiku lodzafika kwawo?"

"Ayi."

"Anafika onse?"

A Eliezere anayang'ana foni ija. Inali zii.

"Ambiri anafera m'njira."

Shehe anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mwana wanga Asiyatu anatisiya tsiku lomaliza la Ramadani. Tinamuika madzulo, m'mawa mwake ine ndinaima kutsogolo kwa anthu kuswalitsa Idi. Musamve zoti ndinakondwa. Koma ndinaima. Choncho sindikunamizani kuti Yoeli ali moyo. Zimenezo akudziwa ndi Allah yekha, ndipo ine sanandiuze."

Apa a Eliezere analira poyera, kulira kwa munthu wamkulu kosowa nako poyang'ana. Shehe anawaleka alire. Kenaka anadzuka, natsitsa mtolo uja m'galimoto, naukhazika pamapazi pawo, namasula luzi ndi manja awo okalambawo.

"Mwandiuza nokha, achimwene, kuti msasa umenewu Mulungu sanaupereke kwa anthu amene ana awo onse ali pakhomo. Anaupereka kwa anthu oika maliro m'njira, osadziwa za mawa. Zaka zonsezi mumaumanga muli pamtendere, mongokumbukira. Chaka chino mwini wake ndinu. Kamangeni, denga ndidzakwerapo ndine. Yoeli akabwera adzapeza pokhala. Akapanda kubwera, inu ndi mayi ake mudzakhala ndi polirira pamene palibe lata lotchinga pakati pa inu ndi Mulungu."