Mng'alu Pansi pa Penti

"Chimenechi chibwezeni, amisiri. Pakhosi apa mpowonda, ndiponso pakona simunamate phula. Chitsulo sichikonda kona yakuthwa, chimayambira pomwepo kung'aluka."

Ananena mawuwa ndi mdala woumba zikombole zamchenga, atanyamula patani m'manja ngati khanda lodwala. Tsitsi lake linayerera m'fakitale yosungunula zitsuloyo, ndipo anzake ankangoti a Mchenga. Amene ankauzidwayo anali mmisiri wa mapatani, munthu amene dzina lake lenileni linali litaiwalika. Onse ankamutcha Salakwa.

Ntchito ya Salakwa inali yotere. Chitsulo chilichonse chisanabadwe, iye ankayamba wasema chifaniziro chake pathabwa kapena papulasitiki, n'kuchipala mpaka chisalale ngati tsaya la mwana. Chimenecho ndiye patani. A Mchenga ankaikwirira mumchenga wotsendereka bwino, n'kuizula, ndipo m'phanga limene yasiyalo ankathiramo chitsulo chosungunuka. Zili ngati phazi pamatope: likakhala lopotoka, popondapo pamakhalanso popotoka. Chitsulo sichifunsa, chimangotengera.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, palibe patani ya Salakwa imene inabwezedwapo. Muziopa dzina lokoma, inu anthu, limafika polemera kuposa mwini wake.

Patani ya tsikulo inali ya mkono watsopano wa chimphika chimene chinkanyamula chitsulo chosungunuka kuchokera kung'anjo. Chimphikacho chinkalendewera ndi mikono iwiri pakireni, makina onyamulira zolemera, ndipo umodzi unali utapindika. Ntchito inali itaima masiku anayi, kapitawo mtima uli m'mwamba.

"Madala, inu dziwani mchenga, ine ndidziwe rula," anatero Salakwa. "Magalasi mwasiya kuti lero? Maso amenewo ayamba kuona akufa."

Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Kapitawo anawomba m'manja.

"Salakwa akati chatha, ndiye kuti chatha. Umbani, madala, dzuwa likupita."

"Ine changa n'kunena," anatero a Mchenga, n'kunyamula patani ija.

Mkono unaumbidwa, unapalidwa, unapakidwa penti yofiira, n'kumangidwa pachimphika. Unkawala ngati wogula kusitolo.

Patatha milungu itatu, Salakwa ankakonza mashelefu m'chipinda chake chonunkhira utuchi ndi guluu. Atafika papatani ija, dzanja linangochita chizolowezi, n'kuika choyezera pakhosi paja. Anayang'ana. Anapukuta choyezeracho pamalaya n'kuyezanso. Kenako anatulutsa pepala la chojambula, ndipo anaona kuti panambala ya pakhosi panali chidindo cha chala cha girisi. Anakumbukira kuti tsiku lija sanathe kuiwerenga bwino, koma kukafunsa kuofesi kunamuchititsa ulesi ndi manyazi, choncho anangoganizira. Khosi linali lochepa ndi kunenepa kwa chala chaching'ono. Phula la pakona nalo anati adzamata akabwera kodya, ndipo sanamate.

Nthawi yomweyo anamva kireni ikulira kuseri kwa khoma, ikuyenda ndi chimphika chodzaza. Amene ankayenda pambali pa chimphikacho, atagwira chiwongolero chopendekera, anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, bambo wa ana anayi.

Kuyambira tsiku limenelo Salakwa sanamvenso kukoma kwa chakudya. Kireni ikalira, pensulo inkaima m'manja mpaka phokoso lithe. Wina akagwetsa sipanala pasimenti, iye ankadzidzimuka ngati wapondedwa ndi njoka. Popita kuchimbudzi ankazungulira kuseri kwa nyumba yonse kuti asadutse kothirira chitsulo.

Lamlungu masana mkazi wake ankapinda zovala pakhonde, diso lili pa mwamuna.

"Bambo a ana, tiyi ameneyo wazizira kachiwiri. Mwapha munthu?"

"Sindinaphe."

"Nanga mwayankha ngati mukudikira tsiku lake bwanji?"

Salakwa anafotokoza zonse, maso ali pansi. Mkaziyo anasiya malaya anali m'manjawo.

"Achimwene amaima pati?"

"Pambali pake."

"Mawa mukanene."

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti mdala ndinamuseka pagulu uja ndiye ankaona bwino? Andiseka mpaka a pageti. Dzina lija litha, mwina ndi ntchito yomwe."

"Lithe! Kusekedwa kunasendapo khungu la ndani? Mukapanda kunena inu, ndikawauza ndine achimwene."

"Ayi, mayi, chonde. Ndipatseni sabata imodzi. Ndipeza kanjira kakuti mkono usinthidwe popanda phokoso."

Mkaziyo anavomera. Musamapereke sabata pa chinthu cholendewera pamitu ya anthu. Mayi ameneyu ankamukonda mwamuna wake, ndipo chifundo chake chinalowa pamalo posayenera.

Lolemba Salakwa anagogoda kuofesi ya kapitawo. Koma anatulukamo atangopempha sandipepa. Lachiwiri anapezako alendo ofuna kuumbitsa zitsulo, ndipo kapitawo anamugwira paphewa n'kuwauza kuti, "Uyu ndiye chuma chathu. Chibwerereni sanalakwitsepo ngakhale katsitsi." Salakwa anangomwetulira. Lachitatu anangofika pakhomo, n'kuwerama ngati akumanga nsapato, n'kubwerera.

Tsiku lomwelo anakumana ndi mlamu wake pampope, akusamba kumaso.

"Alamu, pothira muziima chakumanzere kwa chimphika."

"Bwanji? Mwalota?"

"Basi, ndangoti ndinene."

"Iii, alamu, chikondi chimenechi chayamba liti? Mlongo wanga wakudyetsani chiyani? Paja ine ndimayesa mumapemphera kuti ndife, mutenge njinga yanga."

Anaseka n'kumuwaza madzi kumaso. Chiwongolero chinali kumanja, mbali ya mkono watsopano uja, ndipo munthu sangapendeke chimphika ataima kumanzere. Salakwa ankadziwa zimenezo bwino lomwe. Ankangofuna kuti mtima wake umve ngati wanenako kanthu.

Lachinayi a Mchenga analowa m'chipinda cha mapatani, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anatseka chitseko, n'kukhala pabokosi.

"Amisiri, chimphika chija chayamba kulira mwina chikamanyamuka. Mwamva?"

"Sindinamve."

"Ine ndamva. Kapitawo ndamuuza, akuti ndikufuna kubwezera chipongwe chija. Mawu anga sakulemera, anu ndiye amalemera. Tiyeni tikalowe tonse awiri. Ndikanena kuti mchenga wanga ndiwo unagumukira pakhosi paja. Ine ndakalamba, kunyozedwa sikundipweteka."

Khomo linali limenelo, lotsekula ndi manja a munthu amene anamunyoza. Salakwa anamva misozi ikubwera, ndipo misoziyo inamukwiyitsa. Kupulumutsidwa ndi mdala yemweyo kunamuwawa kuposa kusekedwa.

"Patani yanga ilibe vuto, madala. Ndili ndi ntchito."

A Mchenga anaimirira pang'onopang'ono, mawondo akulira.

"Pansi pa chimphika chija pamayenda ana a anthu," anatero, n'kutuluka.

Pakati pa nyumba yothirira chitsulo panali dzenje lakuya ngati anthu awiri oberekana, la makoma asimenti, momwe ankaikamo zikombole zikuluzikulu. Lolowera ndi lotulukira linali limodzi, makwerero achitsulo a pakona. Nthawi yopuma masana, chimphika chopanda kanthu ankachisiya chikulendewera pamwamba pa dzenjelo.

Lachisanu, anthu atapita kodya, Salakwa anatenga tochi, anasiya jekete pamsomali, n'kuloza kumeneko. Anati akaone ndi maso ake kunsi kwa khosi kuja, kumene munthu woima pamwamba sangaone. Akapeza kuli bwino, mtima ukhala pansi. Anatsika makwerero, nsapato zikulira pazitsulo, n'kuima pakati pa zikombole ziwiri zazikulu ngati nyumba za nkhuku. Anaunika m'mwamba.

Poyamba anangoona penti yofiira, yachita mwaye. Kenako anauona. Kuchokera pakona yakuthwa paja, kamzere kowonda ngati tsitsi kanali katayenda mpaka pakati pa khosi, penti itatukuka m'mbali mwake.

"Basi," ananong'ona. "Ndikukanena pompano. Andiseke."

Ndipo ankanenadi zoona. Koma asanagwire makwerero anamva chitseko chachikulu chikukhuluka, ndi mawu a anthu ambiri. Ng'anjo inali itapsa msanga, ndiye kapitawo anawadula chakudya pakati. Salakwa anazimitsa tochi. Pamwamba penipeni pa makwerero panaima nsapato za kapitawo, pambali pake za a Mchenga.

Akanakwera. Anali masitepe khumi ndi awiri okha. Koma anadziona akutuluka m'dzenje ndi tochi m'manja ngati mbava, anthu onse atamuzungulira, a Mchenga akumuyang'ana osanena kanthu. Anaganiza kuti, ayambe asuntha kaye, ndituluke mwakachetechete, ndisambe kumaso, ndimukokere kapitawo pambali ngati munthu wamkulu. Anabwerera cham'mbuyo n'kunjuta kuseri kwa chikombole cha kumapeto, pamdima.

Kireni inalira, chimphika chinachoka pamwamba pake kupita kung'anjo. Nsapato zija sizinasunthe. Kapitawo ankafotokoza za mpira wa dzulo.

M'fakitalemo munali lamulo limene palibe ankalidumpha. Chimphika chodzaza chisanafike padzenje, wopendeka chimphikacho ankaima m'mphepete n'kufuula katatu kufunsa ngati muli munthu. Popeza simunkakhala munthu, mlamu uja anali atalisandutsa nyimbo.

"M'dzenje muli munthu?"

Salakwa anatsekula pakamwa, n'kutsekanso.

"M'dzenje muli munthu? Kaya ndiwe mfiti, kaya wathawa mkazi kunyumba, tuluka tikuone nkhope!"

Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunamukhomera pansi ngati msomali. Kuyankha tsopano kunali kuipa kuposa poyamba. Anadziuza kuti mkonowo wanyamula mwezi wathunthu, sungasankhe lero. Anadziuza kuti anthuwo ayamba kuthira chikombole cha kumakwerero, kutali ndi iye. Anadziuza kuti akangomaliza ulendo umodzi wokhawu, iye akaimitsa ntchito yonse, ngakhale kugona pansi pa kireni.

"Kachitatu, kotsiriza! M'dzenje muli munthu?"

M'dzenje munali zii.

"Bweretsa!"

Makoma asimenti anayamba kufiira. Kutentha kunatsika pakhosi pake ngati dzanja. Anakweza maso n'kuona chimphika chikubwera pang'onopang'ono, chikuwala pakamwa ngati dzuwa lotsekeredwa, tizinyenyeswa tamoto tikudumpha. Sichinaime kumakwerero. Chinapitirira, chikubwera kumapeto, chifukwa a Mchenga ankafuna chikombole chachikulu chithiridwe chitsulo chikadali chotentha kwambiri. Kireni inaima modzidzimutsa, chimphika chinagwedezeka, ndipo Salakwa anamva kaphokoso kakang'ono, kuti the, ngati kapu yagalasi yothiridwa madzi owira.

Apo ndiye anaimirira. Apo ndiye anafuula kuti, "Alamu, thawani!" ndi mawu onse amene anawasunga sabata yathunthu. Koma mkono unathyoka nthawi yomweyo, ndipo mkokomo wake unameza chilichonse.

Chitsulo chonse chosungunuka chinakhuthukira m'dzenje. Pamwamba anthu anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Utsi unadzaza nyumba, moto wa m'dzenje unanyambita denga. Mlamu uja anagubuduka pasimenti, ovolosi ikufuka pamwendo, anzake n'kumuthira mchenga. Atatulukira panja, akutsokomola, kapitawo anawawerenga, n'kuwerenganso.

"Tonse tilipo," anatero. "Mulungu ndi wamkulu. Mwayi wake m'dzenje munalibe munthu."

Ena anagwada pansi kuthokoza. Mlamu uja ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, akunena kuti alamu ake ndi mneneri, anamuchenjeza Lachitatu pampope.

"Kamuitaneni Salakwa yemweyo," anatero kapitawo, "adzaone mkono wake."

Wotumidwayo anabwera yekha. Anati m'chipinda mulibe munthu, jekete ili pamsomali, chakudya chili pabenchi chosatsekula. Anakafunsa wa pageti, ndipo iye anati Salakwa chilowereni m'mawa sanatuluke. Anayang'ana kuchimbudzi, kosungira matabwa, kuseri kwa ng'anjo. Anaimba foni yake, inalirira m'thumba la jekete.

Mlamu uja anasiya kuseka. Ananena motsitsa kuti mkono usanathyoke anamva ngati wina wamuitana, koma ankayesa ndi m'makutu chabe. A Mchenga anavula chipewa, n'kukhala pansi pafumbi, osayang'ana munthu.

Mkazi wa Salakwa anafika pageti dzuwa likadali m'mwamba, nsapato imodzi ataitaya panjira. Ataona mchimwene wake ali moyo anamukumbatira, kenako anayamba kuyang'ana nkhope za anthu imodziimodzi, ndipo aliyense ankagwetsa maso.

Chitsulo cha m'dzenjemo chinatenga masiku awiri kuti chizizire. Atatsika amuna ndi nyundo ndi zitsulo zophwanyira, za thupi la Salakwa anapeza zochepa kwambiri, kuseri kwa chikombole cha kumapeto, moti bokosi lake ananyamula anthu awiri osamva kulemera.

Salakwa anaitanidwa katatu ndi mlamu wake yemwe, makwerero ali poyera, ndipo chimene chinamutseka pakamwa n'kuopa kusekedwa basi. Paja akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna.