Miyala ya m'Munda wa Nagama

Kudera lina loyandikana ndi nkhalango ya nyama kunali munthu wina wophunzira, dzina lake Pulofesa Chikhasu. Iyeyu ndiye anali mkulu wa yunivesite ya kafukufuku imene inali kumeneko. Musamuyese munthu woipa, ayi. Sanali wakuba, sanali chidakwa, ndipo pantchito ankafika anzake akali kusukusula. Vuto lake linali limodzi lokha: mawa ankalikonda kuposa lero.

Kuderako kunali matenda a kaodzera, obwera ndi ntchentche za kashembe zochokera m'nkhalangomo. Munthu ankayamba ndi mutu ndi kutentha thupi. Kenako ankasinza dzuwa lili paliwombo, kusinza akudya, kusinza mawu ali m'kamwa, mpaka kugona tulo tosadzuka. Chipatala chodziwa kuyeza matendawa chinali kutali, ndipo odwala ambiri ankangopatsidwa mankhwala a malungo n'kubwerera kwawo.

A Chikhasu anafufuzapo za kaodzera akali mnyamata, ndipo nkhaniyi inkawawawa mumtima zenizeni. Atangokhala pampando, anatsimikiza zomanga nyumba yoyezera magazi ndi kufufuziramo matendawa. Malo oyenera anali kuseri kwa mpanda wa yunivesite, ndipo anali munda wa mayi wina wamasiye, Nagama. Pulofesa anapitako yekha wapansi, anavula chipewa, n'kukhala pamphasa.

“Mayi, tabwera kudzapempha munda uja,” anatero. “Tikufuna kumangapo nyumba. Mwana akadzadwala, simudzavutikanso ndi ulendo. Mudzangobwera naye pamenepo.”

Nagama anayang'ana mwana wake yekhayo, Etinala, amene ankasenda chinangwa pakhonde.

“Ngati n'za ana, tengani, bambo,” anayankha.

Iye mwini anakapempha kadimba kwa mlongo wake, n'kumalima pamenepo.

Tsono pa yunivesiteyo panali mwambo. Chaka chikamapita kumapeto, ankaitana alendo, n'kukhoma mahema, n'kuvala mikanjo yawo ija yofika m'mapazi. Mkulu ankaima n'kufotokoza zimene zatheka m'chakacho: ophunzira amene atsiriza, mabuku amene alembedwa, mbewu zatsopano, ulemu umene walandiridwa kunja. Zambiri zinali zoona, sindingawanamizire. Akatha apo, ankalengeza cholinga chachikulu cha mtsogolo, ndipo cholingacho chinkapatsidwa mwala wa maziko. Amisiri ankamanga kachipilala ka njerwa kofika m'chiuno, n'kumatapo mwala wakuda wonyezimira wolembedwa dzina ndi tsiku. Ankakaphimba ndi nsalu, mlendo wolemekezeka n'kukoka nsaluyo, manja n'kuwomba, nthungululu n'kumveka.

Chaka choyamba anaika mwala wa nyumba ya kaodzera m'munda wa Nagama. Chaka chotsatira nyumbayo inali isanayambe. Koma mwala wakale sukoka alendo, ndipo munthu sungaitane nduna kuti idzakoke nsalu imene inzake inakoka kale. Motero anapeza cholinga china, nyumba yogona ofufuza, n'kuika mwala wake pambali pa woyamba uja. Chaka china unali wa nyumba ya mabuku, china wa holo ya misonkhano, china wa chipatala cha ziweto. Yonseyo inkapita m'munda womwewo, popeza unali wosalala ndiponso wopanda kanthu. A Chikhasu akamalengeza, maso awo ankawala, chifukwa nyumbazo iwo ankaziona zitaima kale, mawindo ndi zitseko zomwe.

Zaka zinapita. Miyala inandandalika mizeremizere, yakuda, iliyonse ndi dzina lake ndi tsiku lake. Pakati pake panaphuka timitengo ta masuku. Antchito otchetcha udzu anayamba kulowamo awiriawiri, akulankhula monong'ona. Patapita nthawi, timitengo tija anayamba kutilambalala ndi chikwanje, osatidula. Okwera njinga podutsa pamenepo ankatsika n'kuyenda chokankha. Ana a m'mudzi akafuna kusonyeza malowo, ankaloza ndi mlomo, chala ayi. Ophunzira a pa yunivesite, anyamata odziwa masamu ndi zamankhwala, anasiya kudulira njira m'mundamo, ndipo ukawafunsa ankati akuopa njoka. Masana dzuwa likaswa mtengo, malowo ankangoti zii, kumangomveka njiwa imodzi kwinakwake m'masukumo.

A Chikhasu atamva izi anaseka, nati ndi umbuli. Koma tebulo la muofesi yawo analitembenuza kuti lifulatire windo loyang'ana kumundako, ndipo ankati dzuwa likuwathobwa m'maso.

Chinafika chaka chawo chotsiriza asanapume pantchito. Ndipo taonani, chaka chomwecho abwenzi ena akunja anavomera kumanga nyumba ya kaodzera ija, yeniyeni, ya njerwa ndi malata. Anangoti abwera pa tsiku la mwambo kudzaona malo ndi maso awo, ndipo akakhutira, amisiri ayamba kukumba mvula ikangotha. A Chikhasu anadziwa kuti mwayi wina sudzabweranso. Nyumba imeneyi ndiyo anaifuna ndi mtima wonse kuyambira pachiyambi. Anakhala masiku angapo kumzinda akukonza za alendowo, n'kubwerera kutatsala tsiku limodzi.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa womwewo kapitawo wa antchito analowa muofesi, chipewa chili m'manja, maso ali pansi.

“Bwana, kumunda kuja mukaone nokha.”

Anapita. Analowa pakati pa miyala, mame akunyowetsa nsapato zawo. Patsogolo pa mwala woyamba uja, wa nyumba ya kaodzera, panali mtumbira. Dothi lake linali lofiira, losauma bwino, ndipo pamwamba anaikapo minga ndi kambale kobooka. Pambali pake panakhala Nagama, mutu wometa, miyendo atatambasula.

“Mayi, ichi n'chiyani?” anafunsa a Chikhasu.

“Ndi Etinala.”

Pulofesa anakumbukira kamtsikana kosenda chinangwa pakhonde kaja.

“Anayamba kusinza ali pakhasu,” anatero Nagama. “Kuchipatala anati ndi malungo.”

“Pepani, mayi, pepani ndithu. Koma manda a mudzi wanu si ali kutsidya kwa mtsinje?”

“Munati akadwala ndibwere naye pano, bambo. Chaka chilichonse ndinkabwera kudzaona ngati nyumba yatha, n'kupeza mwala wina. Mwanayu atagona, adzukulu anandifunsa kuti akumbe pati. Ndinawatengera kuno. Sanadabwe. Anati malowa anakonzedwa kale.”

Nagama sanakweze mawu, sanalire. A Chikhasu anachita mantha, mantha enieni.

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu uja akanatha kukhala pansi pambali pa mayiyo. Akanatha kudikira alendo mawa lake, kuwatengera pamtumbira, n'kunena kuti onani chimene kuchedwa kwathu kwabala. Koma anaganiza za abwenzi akunja, za nduna, za anthu ojambula zithunzi. Anadziuza kuti ndi tsiku limodzi lokha, ndipo nyumbayo ikadzamangidwa idzapulumutsa ana ambiri. Anatembenukira kwa kapitawo.

“Nsanja yoimapo olankhula muimange apa. Muikute ndi nsalu mpaka pansi.”

“Pamwamba pake, bwana?”

“Ndati apa.”

Antchito anabwera ndi matabwa. Asanafike pafupi anavula nsapato. Anakhoma misomali pang'onopang'ono, wina osayang'ana mnzake, n'kuzunguliza nsalu ya mitundu ya yunivesite, n'kuika maluwa m'mphepete. Nagama anaimirira, anaiyang'ana nsanjayo kuchokera pansi mpaka pamwamba, n'kupita kwawo.

Tsiku la mwambo linacha bwino, kopanda mtambo. Magalimoto a alendo atakhotera njira ya kumunda, anapeza masamba aawisi ataikidwa modula msewu, monga timachitira pakakhala zovuta. Madalaivala anachepetsa liwiro n'kuzimitsa mawailesi, popanda wowauza. Anyamata a bandi anali atafika kale ndi malipenga awo. Ataona masambawo, woimba ng'oma anaitsitsa pansi, ndipo anzake anagoneka malipenga pamiyendo.

Alendo atakhala pamipando, anthu a m'mudzi anatulukira m'masukumo, mmodzi pambuyo pa mnzake. Mipando yotsala sanaiyang'ane n'komwe. Anakhala pansi pakati pa miyala, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo, Nagama ali pakati pa akazi. Panalibe wolira. Anangokhala, maso ali kunsanja.

A Chikhasu anakwera, mkanjo ukukwekwereza pamakwerero. Matabwa anali olimba, koma iwo ankawamva ngati akutitimira. Anayamba kufotokoza za chaka. Anatchula ophunzira amene atsiriza, n'kuima pang'ono kudikira manja. Palibe anaomba. Anatchula mabuku, anatchula ulemu wochokera kunja. Chete. Mawu awo ankapita pakati pa miyala n'kubwerera okhaokha, ndipo iwo eni anamva kuti akumveka ngati munthu wowerenga mbiri ya malemu.

Bambo wina wa kumzinda anavula chipewa. Mayi wina wolemekezeka, wovala suti, anatsegula chikwama, anatulutsa chitenje, anamanga m'chiuno, n'kutsika pampando kukakhala pansi ndi akazi anzake. Ena anatsatira. Panalibe amene anawauza chilichonse, koma munthu wakwathu kuno amadziwa pamene wakhala. Abwenzi akunja anayang'anana, n'kuyamba kufunsa monong'ona kwa oyandikana nawo.

Pulofesa anafika pa zolinga za mtsogolo. “Chaka chamawa,” anatero, “pamalo pano tidza...”

Kamphepo kanadutsa m'munda, kakang'ono, kosagwedeza ngakhale hema. Kanakweza nsalu ya nsanja mbali ya kutsogolo, n'kuikoleka pa msomali. Onse anaona dothi lofiira, minga, ndi kambale kobooka, pansi penipeni pa mapazi a wolankhula. A Chikhasu anaona nkhope za anthu zikuyang'ana kunsi kwa nsapato zawo, ndipo anadziwa. Anatsegula pakamwa kuti amalize mawu aja, koma sanatuluke.

Anthu a m'mudzi ndiwo anayamba kunyamuka, amuna patsogolo. Pamsewu wina anali ataika beseni la madzi. Aliyense podutsa ankawerama n'kusamba m'manja, monga achitira anthu ochokera kumanda. Alendo anafola pambuyo pawo, aphunzitsi a mikanjo nawonso, ngakhale abwenzi akunja, poona anzawo, anasamba. Magalimoto anachoka mwakachetechete. A Chikhasu anatsala okha pansanja, akuopa kutsika ndiponso akuopa kukhala, ndipo palibe amene anabwera kudzawagwira dzanja.

Nyumba ya kaodzera sinamangidwe. Abwenzi aja sanabwererenso, ndipo ngakhale akanabwerera, panalibe mmisiri kuderako amene akanalola kumenya piki m'munda umenewo. Masuku aja anakula n'kukhala msitu. Mudziwo unasiya kuwoloka mtsinje ndi maliro, ndipo ambiri amene amawagoneka pakati pa miyala yakudayo ndi omwe anayamba ndi kusinza masana.

Tsono inu amene mwapatsidwa udindo, kaya pasukulu, kaya pampingo, kaya pakhomo panu, imvani. Kunena za mtsogolo si tchimo, ndipo kukondwerera zimene zatheka si tchimo. Koma lonjezo limene kwa inu ndi mawu a pamwambo, wina amalitengera kunyumba, amasiya nalo munda, amalera nalo mwana. Musanaitane anthu kudzakoka nsalu pamwala watsopano, pitani kaye mukaime pa wakale, muone amene wakhala pamenepo akudikira. Munthu amene munamuuza kuti adzabwere, adzabwera ndithu, kaya mwamanga kaya simunamange.