Mayi Amene Ankaopa Kusujudu

Lachinayi lina masana, pemphero la swala ya Zuhuri litatha kale, kunyumba kwa Abiti Ndembo ku Ulongwe kunaima galimoto. Abiti Ndembo ndiwo anatiphunzitsa kuwerenga Kurani ambiri a ife amene lero tikuphunzitsa m'madarasa a kuno. Tsikulo ine ndinali nawo pakhonde, tikusenda nandolo wamuwisi.

M'galimotomo munatuluka mayi wina, dzina lake Zuhura Mbwana, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Zomba. Anayenda pang'onopang'ono ngati wafungatira mazira m'chitenje. Amuna ake anangopereka salamu ali chapatali n'kupitirira kumzikiti, kutisiya amayi tokhatokha.

Titalonjerana, ndinamuyalira mkeka, koma iye anapempha mpando. Ine mumtima ndinati, eya, a m'tauni afika. Allah andikhululukire, pakuti ndinafulumira kuweruza.

"Amwalimu, ndabwera ndi funso," anatero Zuhura. "Ndikupempha chigamulo, osati chitonthozo. Za chitonthozo ndamva zokwanira."

"Lankhulani, mayi," anayankha Abiti Ndembo, manja ali mu nandolo. "Ngati chigamulocho ndili nacho ndikupatsani. Ngati ndilibe, ndikuuzaninso kuti ndilibe."

Zuhura anafotokoza. Anali atakhala pabanja zaka khumi ndi chimodzi wopanda mwana. Mizu ya azakhali anamwa, zipatala anazungulira, mawu a alamu ake anameza. Potsiriza madokotala a chipatala china cha mumzinda anatenga dzira lake ndi mbewu ya amuna ake, n'kuziphatikiza, kenako n'kuziika m'chiberekero. Anamuuza kuti adikire masabata awiri, akamuyeze magazi kuti aone ngati waima. Limeneli linali tsiku lachisanu ndi chinayi la kudikirako, ndipo zotsatira zinali za Lachiwiri likudzalo.

"Chichokereni kuchipatala kuja sindinawerame," anatero. "Kuntchito ndinatenga tchuthi. Sindisesa, chinthu chikagwa pansi sinditola, ngakhale poyetsemula ndimagwira pamimba. Swala ndakhala ndikuswali nditakhala pampando. Masiku asanu ndi atatu chipumi changa sichinakhudze pansi."

"Anakuuzani choncho ndi adokotala?"

"Ayi. Iwo anangoti ndisanyamule zolemera. Zinazo ndinawonjezera ndekha."

"Pitirizani."

"Lero m'mamawa pa swala ya Subuhi mtima unandilemera, ndinalira, mpaka ndinadziiwala. Ndinangozindikira ndatsika pampando, chipumi chili pamkeka, ndasujudu. Nditadzuka m'mimba munayamba kupota." Apa anadzigwira pamimba. "Ndiye ndiuzeni, Amwalimu. Ndikasujudu nditaya mwana. Ndikapanda kusujudu ndiye kuti ndikumumana ulemu Yemwe ndikumupempha mwanayo. Ndipo Lachiwiri akakandiuza kuti palibe kanthu, ndidzadziwa kuti ndinamugwetsa ndine. Amuna anga sindinawauze. Ndiwauza bwanji?"

Ine pakamwa panga sipachedwa, aliyense amadziwa. Ndinafuna kunena kuti, "Inu amene mumaphunzitsa ana a eni sayansi, mukukhulupirira zimenezi?" Koma Abiti Ndembo anangondiponda chala cha kumwendo, osandiyang'ana n'komwe, ndipo mawuwo ndinawameza. Nditamuyang'anitsitsa mayiyo ndinamva chisoni chachikulu. Maso ake anali ofiira, milomo itauma, ndipo zinkaoneka kuti chakudya chinali chitamukana kwa masiku angapo.

"Funso lanu lili pawiri," anatero Abiti Ndembo. "Mbali ya chiberekero si yanga. Ine ndinaphunzira Kurani, chiberekero sindinachiphunzire. Ndikayankhapo ndikunamizani. Nambala ya kuchipatalako muli nayo?"

"Ndili nayo, koma sindingaimbe. Andikalipira, kapena andiseka. Amadziwa ntchito imene ndimagwira."

"Mwayenda ulendo wonsewu kudzafunsa nkhalamba yosenda nandolo, koma amene anagwira ntchitoyo mukuwachitira manyazi? Imbani pompano, mwanangu. Mukweze kuti nafenso timve, tiphunzire nawo."

Zuhura anaimba. Amene anayankha anali namwino, ndipo anamvetsera nkhani yonse osamudula.

"Mayi Mbwana, pepani kuti mwavutika nazo nokha masiku onsewa," anatero namwinoyo. "Chiberekero si thumba lotsegula kukamwa kuti mukawerama zinthu zikhuthuke. Kuyenda, kuwerama, kusujudu, zonsezo sizigwetsa kanthu. Kupota pang'ono ambiri amakumva, ndipo mankhwala amene tinakupatsani aja amachititsanso. Sikutiuza kuti zatheka kapena ayi. Mukaona magazi ambiri kapena ululu utakula, bwerani msanga. Apo ayi, idyani, gonani, tionana Lachiwiri."

Foni itaduka, Zuhura anapuma mpweya wautali, mapewa ake n'kugwa. Kenako analira, kulira kwa munthu amene watula katundu. Abiti Ndembo anangotapa nandolo wodzaza manja awiri n'kumuikira pamiyendo, ndipo patapita kanthawi mayiyo anayamba kusenda, misozi ikuuma yokha. Inenso ndinapepukidwa, ngakhale nkhaniyo sinali yanga.

Tinasenda choncho kwa nthawi ndithu. Ndinamupatsa mbatata yophika imene inatsala m'mawa, ndipo anadya yonse, n'kufunsa mwamanyazi ngati ilipo ina.

"Nanga swala zanga za masiku asanu ndi atatu aja?" anafunsa pambuyo pake. "Ndinaswali chokhala ndisakudwala. Zinalandiridwa?"

"Kulandira n'kwa Allah, ine sindinaone," anatero Abiti Ndembo. "Munachita poopa kuvulaza chimene mukuyembekeza kuti mwanyamula, ndipo Iye amadziwa za mumtima. Koma ngati muyenera kuzibwereza kapena ayi, sindifuna kukuyankhani za m'mutu mwanga. Mawa ndikafunsa kwa ashehe amene amandiposa pa malamulo, ndikuimbirani. Akati mubwereze, mubwereza. Imeneyo si nkhani yosowetsa munthu tulo."

Ine ndinadabwa, pakuti Abiti Ndembo anthu ankachokera kutali kudzawafunsa, koma kunena kuti "ndikafunsa" sikunkawavuta ngakhale pang'ono.

Zuhura anagwedeza mutu, koma nkhope yake inali isanamasuke yonse.

"Amwalimu, mantha sanathe. Kwatsala masiku asanu. Ndikamva kanthu kakang'ono m'thupi ndimati zatheka, pakapita ola ndimati zalephereka. Anzanga amati ndikadakhala ndi chikhulupiriro chenicheni sindikadaopa. Kodi mantha amenewa sangatsekereze duwa yanga, pempho langa kwa Allah?"

"Anzanuwo adikirapo mwana zaka khumi ndi chimodzi?"

"Ayi."

"Ndiye asiyeni alankhule. Munthu wadikira zaka zonsezo, mtima ulekerenji kugunda? Mantha si kusakhulupirira, mayi, ndi umunthu. Pamene munaphonya ndi apa: munawasenza nokha. Amuna anu munawabisira, achipatala munawabisira, ndipo ngakhale kwa Allah munkafika mutadzigwira. Lero muwauze bambo aja zonse muli pa ulendo wobwerera. Nawonso akudikira, musaiwale. Masiku asanu otsalawa sesani pakhomo panu, phikani, yendani, pitani kukacheza kwa amene sakufunsani mafunso. Mantha akabwera muwauze kuti mwawaona, kenako mupitirize zimene mukuchita."

Zuhura anaseka pang'ono, koyamba chifikireni. Kenako anatsitsa mawu.

"Koma inuyo mukuona bwanji? Zitheka?"

"Sindikudziwa. Namwino uja sakudziwa, inunso simukudziwa. Amene angakuuzeni lero kuti akudziwa, mumuthawe."

Nthawi yomweyo kumzikiti kunamveka kuitanira swala ya Asiri. Tinasamba monga mwa lamulo, ine n'kuyala mikeka itatu pakhonde pomwepo. Zuhura anaima pakati, dzanja limodzi litagwirabe mpando uja. Anayang'ana mkeka, n'kuyang'ana mpando, n'kuyang'ananso mkeka.

"Ndamva zimene anena achipatala," anatero motsitsa. "Mutu wavomera. Koma mawondowa akukanabe, Amwalimu. Nanga zitachitika kuti..."

Abiti Ndembo anakonza mpango wawo kumutu, n'kumuyang'ana mayiyo mwachifundo.

"Mwanangu, Iye amene mwakhala mukumupempha mwana zaka khumi ndi chimodzi, angakulandeni mwanayo chifukwa choti mwamuikira chipumi pansi? Chimene wakulemberani sichingagwe posujudu, ndipo chimene sanakulembereni mpando sungachigwire. Sunthani mpandowo, tiyeni tiswali."