Sitolo ya Che Likwanya

Che Ndembo anafika kwa Shehe Mtalika ku Namwera swala, pemphero la masana, itangotha. Ine ndinalipo, pakuti masiku amenewo nkhani yaikulu sinkayamba ine ndisanakhale pansi. Che Ndembo anabwera atakwiya moti nkhuku za mudzi wonse zinaleka kuikira mpaka dzinja.

Mkulu wake, Che Likwanya, popita ku Joni anamusiyira sitolo kuti angogwirizira kaye. Sitoloyo inali kachipinda chabe, koma Che Ndembo anaikuza moti kuchokera pa shuga kukafika pa mchere ine ndinkapalasa njinga. Anafufuta dzina la mkulu wake pakhoma nkulembapo lake. Tsopano Che Likwanya anali atabwerako, chifuwa chitawamaliza, ndipo ankafuna sitolo yawo kuti ana awo asadzavutike.

Atapatsana salamu, Che Ndembo anati, "Shehe, ndiweruzeni. Achimwene anachoka ndili mnyamata, lero ndili ndi imvi. Kugwirizira kotani kofika pa imvi? Sitolo ija ndi yanga."

Shehe anali pamphasa, akusoka thumba la mkanjo wawo. Anafunsa mofatsa, "Kodi achimwene anu anakuuzani kuti akachedwa mutenge?"

"Ayi, sananene."

"Nanga inu munawatumizirapo mawu kuti mwatopa kusunga, mugwirizane zina?"

"Ndikanatero akanabwera msanga, Shehe."

"Ndiye kuti mumadziwa mwini wake."

Che Ndembo anayang'ana pansi. Ine ndaonapo mkango ukulira misozi ku Katuli, koma nkhope yakugwa ngati imeneyo sindinaionepo. Kenako anati, "Nanga thukuta langa? Ndituluke chimanjamanja pa ukalamba uno?"

Shehe anaika singano pambali.

"Thukuta lanu ndi loona, Che Ndembo, ndipo pa zimene munawonjezera ndipita nanu ndikakunenereni. Koma chinthu chosungitsa sichisanduka chanu chifukwa mwini wake wachedwa. Kugwirizira sikutha ndi zaka, kumatha tsiku limene mwini wake waima pakhomo. Pitani lero mukawapatse makiyi akadali ndi mphamvu yowalandira, mwina mumva zikomo kuchokera kwa m'bale wanu. Chifuwa chija ndachimva ine. Mukadikira mwezi wamawa, mudzakhala mukukangana ndi ana amasiye, ndipo mlandu umenewo woweruza wake si ine."